Ndalama za banki m'khonde zikuchuluka koma matumba a mpunga akuchepa: nditani?

Funso: Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero mumsika waukulu wa Mzuzu, ndipo ndimakaoda ku Karonga. Ndili m'gulu la banki m'khonde kwathu ku Chibavi, moti pogawana mu Disembala ndikuyembekeza kulandira pafupifupi K900,000. Chondidabwitsa n'chakuti chaka chilichonse ndalama yomwe ndimalandira imakwera, koma matumba omwe ndimaoda ndi ndalamayo amachepa. Alongo anga akuti ndigule masheya a makampani, mnzanga akuti nditenge ngongole ndikulitse geni. Pawailesi amati chuma cha dziko chakula. Chikukulira kuti, poti ife sitikuchiona? Nanga ndalamayi ndiiike pati? *Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu*

Yankho: Mayi, mwayamba bwino powerengera chuma chanu m'matumba osati m'makwacha. Ambiri ochita geni amasangalala akaona chiwerengero chakwera m'kabuku, osadziwa kuti mpamba ukudyeka. Muyeso wanu wa matumbawo musautaye, ndipo ndiugwiritsa ntchito pa zonse mwafunsazi: ngongole, masheya, banki m'khonde, ngakhale chuma cha dziko.

Chomwe chikudya matumba anu n'chodziwika. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, ndipo mitengo ya zakudya inkakwera kuposa pamenepo. Pa liwiro lotere, K900,000 mukaisunga m'nyumba chaka chathunthu idzagula katundu yemwe lero mungamugule ndi K690,000. Palibe wakuberani, ndalamayo ikadali yokwana mukaiwerenga, koma matumba awiri kapena atatu apita. Mukaisiya mu akaunti wamba ya kubanki zimasintha pang'ono chabe, chifukwa chiwongoladzanja cha akaunti zoterezi m'mabanki ambiri sichinkafika ndi 10 peresenti yomwe. Choncho pena paliponse mungaike ndalama, funso loyamba likhale ili: kodi ikuswana mofulumira kuposa mmene mitengo ikukwerera?

Za pawailesi zija si bodza, kungoti sanena mbali yachiwiri. M'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 chuma cha Malawi chinkakula ndi zosakwana 2 peresenti chaka chilichonse, pomwe chiwerengero cha anthu chimakula ndi pafupifupi 2.6 peresenti. Mukagawa chumacho pamutu pa munthu aliyense, chinkachepa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinawonjezera pa vuto lomwe linalipo kale, loti timaitanitsa katundu wakunja wa ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuposa zomwe timapeza pogulitsa kunja, ndipo mwa zomwe timagulitsazo gawo lalikulu ndi fodya. Madola akasowa, mafuta amasowa, lole yochokera ku Karonga imakweza mtengo pokwera Chiweta, ndipo nkhani ya ndalama zakunja imathera pa benchi lanu mumsika.

Komanso ngakhale chuma chikule mofulumira, sikuti chimafikira aliyense. Chitsanzo chili komwe mumaoda mpungako. Mgodi wa miyala ya uranium wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009 ndipo kwa zaka zingapo unakweza ndithu ndalama zomwe dziko linkapeza kunja, kufikira pomwe unaima mu 2014 mtengo wa miyalayo utagwa pamsika wa dziko lonse. Koma mgodi ndi ntchito ya makina. Umalemba anthu mazanamazana, pomwe mpunga wa ku Hara, Wovwe, Lufilya ndi Kaporo umadyetsa mabanja masauzande, kuphatikizapo lanu, la wachigayo, la wonyamula matumba ndi la wakabaza. Kwacha imodzi yowonjezeka mu mpunga imadutsa m'manja ambiri kuposa kwacha imodzi yowonjezeka mumgodi, ngakhale m'mabuku a boma zonse zimalembedwa mofanana. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akamanena za chuma chofikira aliyense, nkhani yake ndi imeneyi: kukula kuchitikire m'ntchito zomwe muli anthu ambiri. Kafukufuku wa boma wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndiye mutha kuona kutalika kwa ulendowu.

Pali china chomwe ochita geni ambiri sachidziwa, chomwe chimafotokoza chifukwa chomwe banki imakuyang'anirani kumbali. Wobwereka wamkulu m'dziko muno ndi boma. Mu 2024 boma linkabwereka ndalama m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja cha 26 peresenti pa ngongole ya chaka chimodzi. Tsono dziikeni m'malo mwa mkulu wa banki. Mbali ina kuli boma, lobwereka mabiliyoni nthawi imodzi, losafunika kulitsatira kunyumba. Mbali ina kuli mayi wa ku Chibavi wofuna K2 miliyoni, wopanda chikalata cha malo, wopanda mabuku a bizinesi. Banki sikukudani, ikungotsata pofewa. Ndiye chifukwa chake mabanki akhala akulengeza phindu lalikulu m'zaka zomwezi inu mukuwerenga matumba ochepa. Chodabwitsa n'chakuti ngongole ya kubanki, ngakhale ya 30 kapena 35 peresenti pachaka, ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi zomwe inu mumalipira m'khonde. Anthu olemera amabwereka motchipa, osauka amabwereka modula.

Tifike pa banki m'khonde, chifukwa apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Njirayi si yachabe. Inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kafukufuku yemwe anachitika m'midzi 46 ya ku Karonga, n'kusindikizidwa mu 2016, anapeza kuti m'midzi yomwe munafika maguluwa mabanja ankadya kangapo patsiku kuposa kale ndipo ankaika ndalama zambiri ku ulimi. Gulu limakukakamizani kusunga, limateteza ndalama kwa achibale opempha, ndipo limakubwereketsani tsiku lomwelo mwana akadwala. Palibe banki ingakuchitireni zimenezi.

Koma phindu lomwe mumagawana mu Disembala limachokera kuti? Limachokera m'matumba mwanu momwemo. Gulu silipanga katundu, siligulitsa kanthu kunja. Chiwongoladzanja chonse chomwe chili m'bokosi chalipiridwa ndi mamembala. Ndiye m'gulu lililonse muli anthu a mitundu iwiri: omwe amaponya masheya ambiri n'kubwereka pang'ono, ndi omwe amaponya pang'ono n'kubwereka kwambiri. Oyambawo ndiwo amadya thukuta la achiwiriwo. Tengani kabuku kanu, muwonkhetse chiwongoladzanja chonse ndi zindapusa zomwe mwalipira chaka chino, kenaka muchotsere pa phindu lomwe mulandire. Chotsalacho ndiye phindu lenileni. Amayi ena amapeza kuti ndalama yomwe ankavinira pa tsiku logawana ndi yawo yomwe, yangozungulira n'kubwerera, ndipo pobwererapo yachepa mphamvu. Magulu ena ali ndi lamulo loti membala aliyense azibwereka, afune asafune, kuti bokosi lisagone. Lamulo limeneli ndimalida. Limakankhira munthu ku ngongole yopanda ntchito, ndipo ndi lomwe lachititsa kuti ena azibwereka ku gulu ili kuti akabweze ku gulu lija, mpaka kuthera kwa akatapila, malata n'kusasulidwa.

Chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, chomwe magulu ambiri a m'tauni amaika, chimamveka chochepa chifukwa chimatchulidwa pamwezi. K100,000 mukaibwereka n'kumangolipira chiwongoladzanja chokha, pakutha kwa chaka mwapereka K240,000 ndipo ngongole ya K100,000 ija ikadalipo. Mukamalephera kulipira, chiwongoladzanja n'kumaberekerana, imafika pafupifupi K890,000.

Izi zikutifikitsa pa malangizo a mnzanu aja. Ngongole si yoipa kapena yabwino payokha, zimatengera liwiro lomwe katundu wanu amatuluka. Tiyerekeze, ndipo manambalawa ndi ongofanizira, inu muikepo anu enieni. Thumba mwaligula, mwalipira thiransipoti, chigayo, wonyamula ndi tikiti ya msika, zonse pamodzi K100,000. Mwaligulitsa n'kupeza K110,000. Ngati mumazungulitsa mpamba kawiri pamwezi, phindu lanu ndi 20 peresenti pamwezi. Ngongole ya 4 kapena 5 peresenti pamwezi ikupindulitsani. Ya 20 peresenti ndiye kuti mukugwirira ntchito bokosi. Koma pali msampha womwe ambiri amagweramo: amaganiza kuti akachulukitsa matumba kawiri, makasitomala achulukanso kawiri. Ayi. Mzere wa mpunga mumsika uli ndi ogulitsa ambiri ndipo ogula ndi omwewo. Matumba owonjezerawo akakhala milungu isanu ndi umodzi asanathe, phindu lawo latsika kufika pa 7 peresenti pamwezi, pomwe chiwongoladzanja sichidikira. Musanabwereke, dziwani kaye komwe mpunga wowonjezerawo ukapite: sukulu yogonera komweko, malo odyera a ku Katoto kapena Luwinga, ophikira ophunzira a ku Mzuni, wogula wa ku Lilongwe. Msika uyambe, ngongole itsatire.

Dziko lonse lapansi linaphunzira zimenezi movutikira. Muhammad Yunus ndi Grameen Bank ya ku Bangladesh atalandira mphoto ya Nobel mu 2006, ambiri ankakhulupirira kuti ngongole zing'onozing'ono zithetsa umphawi. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'maiko 6, kuphatikizapo Ethiopia, India ndi Morocco, zosonyeza kuti ngongolezi zimathandiza pang'ono koma mabanja ambiri sizinawatulutse mu umphawi. Opindula kwambiri anali omwe anali kale ndi bizinesi yoyenda, ngati inu. Kafukufuku wina ku Sri Lanka anapatsa ochita malonda ang'onoang'ono mpamba waulere ndipo anapeza kuti mabizinesi a abambo ankapindula ndithu pomwe a amayi sankasintha. Ofufuza ena atabwereranso ku manambalawo anaona kuti m'mabanja ambiri ndalama ya mayi inkathera mu bizinesi ya bambo. Sindikunena za kwanu, Mayi, koma nkhani ya yemwe adzagwire ndalamayo ikambidwe m'nyumba ndalamayo isanafike.

Za ngongole za boma ndidutsapo mwachangu. Kuyambira pa MARDEF mu 2005 kufika pa NEEF mu 2020, thumbali lakhala likusintha dzina koma vuto lake ndi limodzi: ambiri amaitenga ngati mphatso ya ndale, sabweza, ndipo thumba limauma. Mukaipeza pa chiwongoladzanja chotsika, itengeni ndipo mubweze. Koma musakonze bizinesi yanu podikira iyo, chifukwa ikhoza kutuluka nyengo yokolola itadutsa.

Alongo anu sakulakwitsa kwenikweni. Msika wa masheya wa Malawi, womwe kampani yake yoyamba inali NICO mu 1996, ndi wotsegukira aliyense wokhala ndi chitupa cha unzika ndi akaunti ya kubanki, kudzera kwa ogulitsa masheya ovomerezeka ndi Reserve Bank. Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu mu 2020 pa K12.69 imodzi, FDH Bank chaka chomwecho pa K10, ndipo omwe anagula nthawi imeneyo n'kuugwira mtima anapindula kwambiri. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya masheya pamsikawu, kuitenga pamodzi, inakwera kuposa mitengo ya zinthu. Ndiponso mukagula masheya a banki, mumadya nawo phindu lija banki ikupanga pobwereketsa boma, lomwe ndi msonkho wanu womwe. Koma dziwani zitatu izi. Mtengo womwe wakwera kwambiri ukhoza kutsika, ndipo wogula mochedwa ndiye amapsa. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20, moti tsiku lomwe mukufuna kugulitsa wogula akhoza kusowa. Ndipo phindu la papepala si ndalama: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Masheya ndi a ndalama yomwe simudzaifuna kwa zaka zitatu kapena zisanu. Mpamba wa geni usapite kumeneko. Ndipo wina akakuuzani pa WhatsApp kuti ikani K50,000 mulandire K150,000 sabata yamawa, amenewo si masheya, ndi umbava.

Tsopano chomwe ndikuona kuti chingasinthe matumba anu kuposa zonsezi sichifuna ngongole. Ndi kalendala. Gulu lanu limagawana mu Disembala. Mpunga ku Karonga amakolola cha m'ma Meyi mpaka Julayi, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe ndowa imatsika mtengo chifukwa alimi akufuna ndalama. Pofika Disembala mpaka Febuluwale mpunga wachepa ndipo wadula. Ndiye inu mumalandira mpamba wanu waukulu pa nthawi yomwe katundu wanu ali pa mtengo wapamwamba, komanso pomwe Khirisimasi, fizi ya Januwale ndi feteleza zikuyang'ana ndalama yomweyo. Disembala ndi wabwino kwa mlimi wa chimanga wofuna feteleza. Kwa wogulitsa mpunga ndi mwezi woipitsitsa kulandira ndalama. Mbali ina ya matumba omwe mukuti akuchepa yatayikira pamenepa.

Malamulo a gulu mumapanga ndinu eni ake. Ngati muli amayi angapo a geni ya mpunga, nyemba kapena mtedza, palibe choletsa kuyambitsa gulu loyamba mu Juni n'kugawana mu Meyi. Ndalama ikafika nthawi yokolola, mumagula mpunga wosapuntha, womwe umasungika bwino kuposa wopuntha, n'kumapunthitsa pang'onopang'ono malinga ndi malonda. Powerengera kumbukirani kuti makilogalamu 100 a wosapuntha amatulutsa pafupifupi 60 mpaka 65 a woyera, ndipo wouma mopitirira muyeso umasweka pachigayo n'kutsika mtengo. Kusunga kuli ndi ngozi zake. Mzuzu ndi wachinyezi, mvula yake imakhalitsa, choncho matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Kuli makoswe, kuli anankafumbwe, ndipo chaka china mtengo sukwera monga mmene munayembekezera. N'chifukwa chake sindikuti muikemo zonse, ndiponso musasunge mpunga wogula ndi ngongole ya 20 peresenti pamwezi, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ya chiwongoladzanja chotero imadya kukwera konse kwa mtengo. Koma pa nthawi yomwe kwacha ikufooka, thumba la mpunga wouma bwino limasunga mphamvu ya ndalama yanu kuposa akaunti.

Kupitirira apo, ndalama zenizeni za mpunga zili pakati pa munda ndi shelefu ya sitolo: kupuntha, kusankha, kuika m'mapaketi okhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Kilogalamu yomweyo yomwe inu mumayeza pa mbale imagulidwa mokwera ikalowa m'paketi. Munthu mmodzi sangagule makina otere, ndipo apa ndi pomwe kopaletivi imagwira ntchito. Simukusowa kopita kukaonera. Mzuzu Coffee ndi mgwirizano wa makopaletivi a alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi kwina, omwe m'malo mogulitsa khofi wosakonza aliyense payekha anasankha kukonza ndi kugulitsa pansi pa dzina limodzi. Alimi a mpunga a ku Kaporo, kudzera m'bungwe lawo, afikitsapo Kilombero mpaka ku Scotland. Pulojekiti ya AGCOM, yothandizidwa ndi World Bank, yakhala ikupereka thandizo la makina ndi nyumba zosungiramo katundu kwa magulu olembetsedwa omwe ali ndi wogula wodziwika, gulu n'kusonkhapo gawo lake. Sindikubisirani, makopaletivi ambiri amafa chifukwa cha atsogoleri odya ndalama ndi mamembala ogulitsa katundu kumbali. Musalowe chifukwa pamveka thandizo. Lowani ndi anthu omwe mwasunga nawo ndalama zaka zingapo ndipo mukudziwa kabwezedwe kawo. Ubwino waukulu wa banki m'khonde, kwa ine, ndi umenewu: imakuonetsani yemwe mungachite naye bizinesi yaikulu.

Kuti tsiku lina mudzabwereke pa mtengo womwe olemera amabwerekera, pakufunika mbiri yolembedwa. Gulani kope, muzilemba zomwe mwaoda, zomwe mwagulitsa ndi zomwe mwatapa za pakhomo. Ndalama za malonda zizidutsa pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena akaunti, ngakhale muzitulutse mawa lake, chifukwa wobwereketsa amakhulupirira zomwe akuziona papepala. Lembetsani dzina la bizinesi. Kuyambira pa lamulo la 2013, katundu wosunthika monga makina, galimoto, ziweto ngakhale katundu wa m'nkhokwe akhoza kulembetsedwa ngati chikole, ngakhale mabanki ena akadali ozengereza. Ganiziraninso za SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, yomwe ili pansi pa mgwirizano wa ma SACCO wa MUSCCO ndipo ili ndi chiphaso cha Reserve Bank. Kumeneko chikole chachikulu ndi masheya anu omwe ndi anzanu okuimirani, ndipo chiwongoladzanja chake pamwezi chimakhala chotsika kwambiri poyerekeza ndi cha m'khonde. Funsani kuona chiphasocho musanapereke ndalama, ndipo funsani ndalama zonse zomwe mudzabweze pamodzi ndi zolipira polembetsa ndi inshuwalansi, osangoti peresenti.

K900,000 ya Disembala uno ndikanaigawa chonchi ndikanakhala inu. Choyamba ndikanabweza ngongole iliyonse ya 20 peresenti pamwezi yomwe ndili nayo, chifukwa palibe geni kapena sheya yomwe ingakupatseni phindu loposa kuthawa chiwongoladzanja chimenecho. Fizi ndi za pakhomo ndikanazipatula poyera kuti zisamadye mpamba mobisa. Gawo lokwanira matumba omwe ndikudziwa kuti amatha pa milungu iwiri ndikanaliika mu geni. Lotsalalo ndikanalisungira Meyi, mu SACCO kapena mu akaunti yotsekera miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yomwe chiwongoladzanja chake ndi chokwererapo, podziwa kuti itaya mphamvu pang'ono koma idzagula ndowa zambiri nthawi yokolola. Masheya ndikanayamba ndi kandalama kochepa, K50,000 kapena kucheperapo, kuti ndiphunzire kayendedwe kake. Ndipo pa msonkhano woyamba wa gulu mu Januwale, malamulo a chaka chatsopano asanasainidwe, ndikanakweza dzanja pa mfundo ziwiri: mwezi wogawana, ndi kuchotsa lamulo lokakamiza kubwereka.